Madzi Obwera Popanda Mvula

Kanyama,
Lusaka.
14 Januwale 2025

Okondedwa alongo anga a Ketty,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi onse a pakhomo kumeneko ku Katete. Kuno tadzuka, kungoti mvula yatipeza monga chaka chilichonse. Madzi ali m'mawondo kuyambira pamsika mpaka kutchalitchi, ndipo zimbudzi zayamba kale kubweza zimene tinazipatsa. Kulemba sindidziwa, mukudziwa. Wolankhula ndine, wogwira cholembera ndi ba Kalumba, mlembi wa mpingo wathu, ndipo ndawauza kuti alembe monga zikutulukira m'kamwa mwanga, osathira shuga.

Pafoni paja munandifunsa chimene chinachitika kuti mwana wanga Sydney achotsedwe ntchito kuchilumba kuja, abwere kudzakhala kwa inu, ndi kuti uno ukhale mwezi wachitatu asakuyankha foni yanga. Ndinati foni ikuduka. Foni sinkaduka ayi. Nkhaniyi ndi yofunika kukhalira pansi.

Ntchito ya Sydney sindinaikonde kuyambira pachiyambi. Munthu wamphamvu zake, wotsiriza sukulu bwinobwino, ntchito yake nkukhala yoperekeza anthu okhuta kokasewera. Iye ankaitcha yosamalira chilengedwe. Mu Okutobala anabwera yekha kudzanditenga, akuti ndikaone ndi maso anga kuti ndileke kunyoza. Anandikonzera pasipoti, tinakwera sitima ku Kapiri mpaka ku Dar es Salaam, kenako boti. Za botilo sindinena zambiri. Zonse zimene ndinadya ku Tanzania ndinazisiya m'nyanja yawo yomweyo, ndipo masiku awiri oyamba ndinangogona pamkeka, dziko likuzungulira, kugombe osatsikako.

Koma ndili chigonere maso ankaona. Alongo anga, opusa alipo ambiri padzikoli, koma opusa enieni ndi olemera. Anthu akwera ndege kuchokera kumaiko kumene madzi otentha amatuluka m'khoma, abwera kudzagona m'tinyumba taudzu pamwamba pa chitunda, m'kati mwa thengo. Magetsi kulibe, ndi dala. Kusamba ndi m'chidebe, ndi dala. Chimbudzi ndi cha dzenje, ukatha uthiremo utuchi, ndipo amatulukamo akumwetulira ngati achokera ku ukwati. Ife kuno takhala tikulilira makhansala zaka makumi anayi kuti atichotse m'moyo umenewu, iwo akuulipira.

Nanga masewera awo. M'mawa apita kukatola mabotolo apulasitiki m'mbali mwa nyanja, munthu watola asanu wajambulitsa chithunzi. Ndinauza Sydney kuti awabweretse ku Chunga kudzala la zinyalala, akajambulitse mpaka mafoni adzaze. Masana apita kukayandama chafufumimba, kapaipi kukamwa, kuyang'ana nsomba. Kungoyang'ana basi, kugwira nkoletsedwa. Abwerako ndi njala, adye masamba osaphika. Kuli ndi akamba a m'madzi amene mazira awo ali ndi mlonda wovala yunifolomu. Ine nyumba yanga yathyoledwa kawiri, mlonda sindinamuonepo.

Munthu yekhayo amene ndinkamvana naye anali wophika wawo, dzina lake Edwell, wa ku Malawi. Ndinamufunsa ngati anthuwa ali bwinobwino m'mutu. Anaseka nati akulu, musawachiritse, matenda awowa ndi amene akutidyetsa.

Tsiku lachitatu mutu unakhazikika, Sydney nati ndipite nawo ku ulendo umene alendo amaukonda kuposa yonse. Mukudziwa kuti ndi ulendo wanji? Woyenda m'matope. Titatsika chitunda tinapeza nyanja ili kutali, patsogolo pathu pali mchenga wonyowa ndi matope okhaokha, ndi mitengo yomera m'matopemo, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo ya kangaude. Kutsogolo kunali kachilumba kena kamchenga kumene kumatera mbalame, mtunda ngati kuchokera pakhomo panga kukafika ku siteshoni ya mabasi m'tauni. Njira yake anazika timitengo, tokhotakhota ngati njira ya woledzera.

Tisananyamuke Sydney anaimika alendo onse asanu ndi mmodzi nawalankhula. Kenako anandifotokozera inenso kuti madzi a nyanja imeneyi amachoka ndi kubwerera kawiri pa tsiku, kuti umawakoka ndi mwezi, ndipo anandionetsa pepala lolembapo nthawi zake. Mwezi, Ketty, dzuwa lili phwee. Ndinangogwedeza mutu. Mumtima ndinati awa ndi mabodza a ntchito, onamizira alendo kuti ulendo ukome, monga momwe kondakitala amanenera kuti basi yatsala munthu mmodzi.

Pajatu ine madzi ndimawadziwa, ndipo apa ba Kalumba alembe bwino. Zaka makumi atatu, dzinja lililonse, ndaima pamphambano ya pamsika ndi majombo anga obwereketsa, kuolotsa anthu opita kuntchito. Wopanda mphamvu ndimamuika pa wilibala, wina kumubereka kumene. Kanyama yakhala pamwala, madzi salowa pansi, ndipo pansi pa madziwo pali maenje amene azimayi anakumba pofuna miyala yogulitsa. Ndimawadziwa onse ndi ndodo yanga. Sindinagwetsepo munthu, ngakhale mmodzi. Ndipo lamulo la madzi ndi limodzi: amachokera kumwamba. Ukaona mtambo wakuda kumbali ya Matero, bondo nkuyamba kuwawa, thamanga. Kumwamba kukakhala koyera, khala pansi usute fodya wako.

Chinanso chimene Sydney anachita pamenepo, anandigwira paphewa nawauza alendowo kuti awa ndi atate anga, akhala akuolotsa anthu pamadzi zaka makumi atatu. Chingerezi changa ndi cha pamajombo, koma zimenezo ndinamva. Anaombera m'manja. Mwanayo nkhope yake inawala. Ine ndinayang'ana kumbali, poti kutamandidwa ndi anthu olipira kuti adetsedwe ndi matope si ulemu.

Tinayenda bwino, tinafika. Mbalame zake ndi akakowa omwewa amene amatsata ng'ombe kwathu, koma anthu anagwada pamchenga kuwajambula ngati aona angelo. Nthawi yobwerera itayandikira, mtsikana wina mwa alendowo anavula nsapato, naponda kanthu kena ka m'nyanja kozungulira, kaminga zakuda ngati kanungu. Minga zinathyokera m'phazi, mwana wa eni ake nkuyamba kulira, phazi likutupa. Sydney anayang'ana wotchi, anayang'ana pepala lija, namubereka mtsikanayo. Anauza alendo enawo kuti atsate ine, kenako anatembenukira kwa ine ndi chinyanja chake cha m'tauni:

"Batate, manzi yabwela manje manje. Tengani aba bantu, mukonke tumitengo utu. Osaimilila."

Atayenda pang'ono anatembenukanso, katundu ali kumsana, nabwereza mawu omwewo. Kenako anathamanga.

Tinatsala anthu asanu ndi ine. Panali nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi wake, anyamata awiri, ndi chimayi china chachitali, cha mapewa ngati onyamula matumba kumsika wa Soweto. Titati tinyamuke, mbalame zina zofiira miyendo zinatera chapafupi, nkhalamba yaimuna ija nkundiyang'ana mondipempha, makina ake ojambulira ali m'manja. Ndinayang'ana kumwamba, mbali zonse zinayi. Kunalibe ngakhale kamtambo konga chikhatho. Bondo langa linali zii. Ndinawauza m'Chingerezi changacho kuti kulibe mvula, kulibe vuto. Anasekerera, nakhala pansi. Akanakana bwanji, atauzidwa kuti ndine katswiri?

Ndinapichira fodya wanga. Ndinasuta mpaka kutha.

Madzi a ku Kanyama ali ndi ulemu, amabwera ndi bingu, amayamba agogoda padenga. Awa anabwera ngati wakuba. Ndinangoona nsapato yanga yanyowa, ndipo poyang'ana kumbuyo, kumene tinachokera kuja kunali kung'anima. Sanachokere kutsogolo kumene kunali nyanja, anazungulira m'mbali natitsekera njira. Tinanyamuka madzi ali m'kakolo. Ndinaona kuti timitengo tija tikuchedwetsa ndi kukhota kwake, ndinadula ndodo ndi kuwatsogolera molunjika kumtunda, monga ndichitira kuno.

Timitengo tija tinkakhota chifukwa tinkalambalala ngalande. Ndinazidziwa madzi ali m'chiuno, pamene ndodo yanga inalowa yonse osagunda pansi, ine nkuitsatira. Kusambira sindidziwa. Ndikanaphunzira kuti, m'madzi a m'zimbudzi? Ndinamwa mchere wokwanira ndiwo za chaka chathunthu. Amene anandivuula ndi chimayi chija, chinandigwira pakolala ngati mwana wa mbuzi, nkundiponya kumsana kwake. Ine Isaiah, amene ndabereka theka la Kanyama, ndinaberekedwa ndi mkazi wa msinkhu wa mwana wanga Tionge, miyendo ili lendelende. Ba Kalumba akuseka, koma alembe.

Anyamata aja anakokera nkhalamba ziwiri zija pamizu ya mitengo, tonse tinakangamira pamenepo ngati anyani, madzi ali m'chifuwa ndipo akukwerabe. Mayi wokalamba uja ankanjenjemera, milomo itasanduka yotuwa, akutchula maina amene ndikuganiza kuti ndi a ana ake. Kujambula kunathera pomwepo. Sydney anabwera ndi ngalawa ya asodzi, ataimirira kutsogolo, akuwerenga mitu yathu ndi chala. Atafika pa ine anasiya kuwerenga nakhala pansi. Sanafe munthu. Makina ndi mafoni ndi zimene zinafa, ndipo mayi wokalambayo anagona kuchipatala masiku awiri.

Masana omwewo mwini malowo, mayi wa komweko wovala magalasi, anatiitana pakhonde la ofesi yake. Analankhula ndi Sydney nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine ndi funso, ndipo womasulira anali Sydney yemweyo. Maso ali pansi, anati mayiwa akufunsa ngati ndinakuuzani kuti munyamuke nthawi yomweyo ndi kutsata timitengo. Alendo aja anali pomwepo, ndi antchito onse. Ine ndinali nditavala nsalu ya eni ake, buluku langa lili padzuwa.

Ndinati, "Uwauze kuti madzi obwera popanda mvula ndi aufiti. Akonze nyanja yawo."

Sydney anandiyang'ana, kenako analankhula Chingerezi chachifupi. Mayiyo anavula magalasi, nkhani nkutha. Mawa lake tikukwera boti, Edwell anandikokera pambali nandiuza zimene mwanayo anamasulira. Sydney anauza mayiyo kuti atate anga akuti sindinawafotokozere bwino, ndipo akunena zoona, cholakwa ndi changa. Edwell anati mayiyo ankamukonda Sydney, ndipo akanamva kuti malangizo anaperekedwa koma nkhalamba inachita makani, akanangomudzudzula chifukwa chosiya alendo m'manja mwa munthu wosakhala wantchito. Koma woperekeza alendo amene waiwala kunena za madzi, ameneyo sangamusunge.

M'sitima njira yonse ankandigulira chakudya, kundithandiza kukwera ndi kutsika, koma mawu anali a tiyi ndi madzi akumwa basi. Titafika mu Lusaka anandikweza minibasi ya ku Kanyama, anaika chikwama changa pamiyendo panga, iye nkupita kukakwera ya kum'mawa. Kuno anthu ndinawauza kuti nthawi ya ntchito yake inatha, ena ndinawauza kuti anzake anamuchitira nsanje. Ba Kalumba nawonso ndinawauza zomwezo, akuzimva lero zoona zake.

Musaganize kuti maganizo anga asintha pa anthu aja. Munthu wolipira kuti agone mumdima ndi kuyenda m'matope ndi wopusa, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka m'manda. Ntchito yowaperekeza nayonso ndikuionabe kuti ndi yachibwana. Koma inali yake, ankaidziwa, ndipo tsiku lija pa anthu tonse amene tinali pamchenga paja, wodziwa madzi anali mmodzi yekha.

M'envulopu muno mupezamo pepala lina la Chingerezi. Alemba ndi ba Kalumba, lopita kwa mayi wa magalasi uja, ndipo pansi pake pali chala changa cha inki. Likunena zimene ndinauzidwa, kangati, ndi zimene ndinachita, ndi fodya yemwe. Keyala ya kumeneko sindiidziwa. Amene akuidziwa ali kwanuko. Akafuna atumize, akafuna ayatsire moto.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mankhwala a msana aja ndikawapeza nditumiza. Moni kwa ana onse ndi adzukulu, ndi kwa a mpingo. Tionge ndi amuna ake akupereka moni. Mukapeza munthu wobwera kuno munditumizireko nshawa pang'ono, za kuno nzowola.

Maso anu ndikuwadziwa, Ketty, zilembo simuzionanso, ndipo alamu ndi anzanga osaphunzira. Choncho amene akukuwerengerani kalatayi ndikumudziwa. Iwe wowerengawe, usamasulire zina apa, werenga monga zalembedwera, azakhali ako amve. Unandiuza. Unandiuza kawiri, ndipo ndinamva.

Chipinda chako madzi sanalowemo, ndinaika matumba amchenga pakhomo.

Ndine mlongo wanu,
Isaiah