Faulo ya Radoje

Čačak,
9 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene Vukašin,

Ndikhulupirira muli bwino ku Jeremaniko pamodzi ndi alamu anga a Biljana. Kuno tilipo, amayi akungodandaula msana. Nkhani ndikulembayi musawauze.

Radoje Lazović wabwerera pa bwalo lathu la mpira wa basiketibolo la kuseri kwa sukulu. Inde, yemwe uja anakuikirani phazi muli m'malere, kutatsala sabata imodzi kuti mukayesedwe ku timu ya ku Belgrade. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma sindinaiwale. Munakuwa "faulo!" mutagwira bondo, iye n'kuseka, amvekere, "Dzuka iwe, usatitayitse nthawi." Lero inu mukupukuta makina a eni, iye akuyendera galimoto yatsopano.

Lamulo la pabwalo silinasinthe: woyimbira palibe, wogundidwa ndiye amaitana faulo, enawo satsutsa. Radoje amalidyera masuku pamutu. Kungomupumira pakhosi, "faulo!" Iye akakumenya chigongono m'nthiti amati, "Ndiwo mpira wake umenewo, aise."

Ndinamupirira masabata anayi. Kenako ndinagwirizana ndi anzanga awiri, Strahinja ndi Gojko, kuti tsiku limene adzagwe n'kuitana faulo, tonse tidzakane, alawe kukoma kwake.

Lamulungu lapitali timu yake inkangofuna kugoletsa kamodzi kuti ipambane. Anandidutsa, n'kudumpha. Achimwene, phazi ndinaliika dala. Anatera pamenepo, kakolo wake anachita kuti thyo! mpaka madala osewera tchesi pa benchi anadzuka. Ndinaima pambali pake, mawu ake aja ali kale pa lilime langa.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itayera. "Ndiwe mng'ono wake wa Vukašin, eti?"

"Eya, ndine."

Anatembenukira anzake, thukuta lili kamukamu. "Palibe faulo apa. Ndagwa ndekha. Mpira ndi wawo."

Mdala wina mpaka anaomba m'manja, ati mwamuna weniweni ameneyo! Anzake anamunyamula ngati mkwati, ine atandisiya ndi mpira m'manja. Zaka khumi ndi chimodzi ndadikira, munthuyo n'kundilanda ngakhale mwayi womubwezera mawu ake aja. Pano tauni yonse ikumutama, dzina lanu palibe akulitchula.

Mwina munena kuti wavomera kulakwa mwa njira yake. Ine sindikuvomera. Kupepesa kuli ndi mawu ake, ndipo adiresi yanu ikupezeka. Kumvera chisoni sindikumumvera, ngakhale chakudya sichikundilowa bwino masiku ano.

Adokotala akuti adzasewera pakapita miyezi iwiri, ndipo Radoje watumiza uthenga kuti tikamadzasewera adzandilonda yekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kamwana kanu ka Dunja mukapsompsone pamphumi. Kakayamba kufunsa za amalume ake, muzikauza zabwino zokhazokha. Pobwera pa Khirisimasi mundigulireko nsapato zosewerera, saizi 45, zija zofika m'mwamba zoteteza akakolo.

Ndine mng'ono wanu,
Milutin