Sikelo ya Alamu a Goliati

Cork, Ireland
12 Julaye

Okondedwa achimwene a Raymond,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga mayi ku Mposa, mwendo uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima iyayi. Ndalemba pa pepala n'kujambula kuti muwerenge nokha, chifukwa foni za kwathu munthu akangoyankha, nyumba yonse imamvera nawo.

Kuno akuti ino ndi nyengo yotentha, koma ine juzi sindivula. Mvula imangowaza tsiku lililonse popanda wolima. Ku chipatala andilandira bwino, ngakhale pakali pano ndikungothandizira kusambitsa ndi kudyetsa odwala mpaka mapepala anga atakwanira.

Makatoni anga anayi aja afika Lachiwiri. Ndinapita ku bwalo la ndege ndi Nasra, mnzanga wa ku Liwonde amene timakhala nyumba imodzi. Ndinkavina mumtima njira yonse, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chimene ndimadikira mukuchidziwa: satifiketi yanga ya unamwino, ija inachedwa kodinda mpaka ine ndinanyamuka, imene inu munaiika mu fayilo ya buluu pakati pa mabuku, mu katoni yachitatu. Fotokope kuno anailandira pongoyambira. Anena kuti yeniyeniyo ifike mwezi uno usanathe, apo ayi malo anga apatsa wina, ndipo chilolezo chokhalira kuno chimathera pamodzi ndi ntchitoyo.

Achimwene, fayiloyo mulibe. Mabukunso mulibe.

Mu katoni yachitatu munatuluka mpunga wa faya, matemba a ku Chilwa majumbo awiri, ndi mthiko. Ofesala wa kasitomu atangotsegula anagwira mphuno. Matembawo anawanyamula atavala magulovesi n'kukawataya, ine ndikusaina pepala lovomera kuti ndalowetsa zoletsedwa. Mpunga ndi mthiko anandisiyira. Nasra anaseka mpaka misozi, koma ataona nkhope yanga analeka.

Nkhani yonse ndaimva kwa Zubairu, dalaivala amene ananyamula katunduyo kupita ku Chileka. Imveni bwino, chifukwa inu munali koyang'anira mayeso ndipo anangokuuzani kuti zonse zayenda. Ine ndinalipirira makilo 100. Inu munati makatoniwo akayezedwe ku positi, amuna a Hellen wathu, alamu a Goliati, n'kunena kuti n'kutayiranji nthawi pamene iwo sikelo ali nayo pa sitolo. Sikelo yake iti? Yomwe ija amagulira nandolo kwa alimi a ku Kalembo. Balaka yense amaidziwa. Thumba la makilo 50 likakwera pamenepo limaonda n'kukhala 42, mlimi n'kumapita kwawo akudandaula kuti chaka chino mbewu sinakhwime. Ndiye bambo amene anaipotoza ndi manja awo anaiwala, n'kuikhulupirira ngati Baibulo.

Atakweza makatoni anga, sikelo inati 84. Alamu anasangalala kuti malo atsala ambiri, ndipo mlamu wawo asakhale ku Ulaya ngati wopanda abale omupatsa kamba. Anadula tepi yanu ija n'kumathiramo mpunga ndi matemba mpaka singano inafika pa 100.

Ku Chileka, sikelo ya akampani, imene sidziwa kuti Goliati ndani, inati 119. Zubairu akuti alamu anayamba kukangana ndi kalaliki, kumuuza kuti makina ake ndi akuba, iwo akhala pa sikelo zaka khumi ndi zisanu. Iwowo kunena wina kuti wakuba. Kalaliki anangowauza kuti asankhe, awonjezere ndalama kapena achepetse katundu. Kupisa m'thumba sakanatha, mumawadziwa. Anagwada pa simenti pamaso pa anthu, kufukula katundu wanga mpaka zovala zamkati, n'kuchotsa zimene nzeru zawo zinawauza kuti n'zachabechabe. Mpunga wawo sanaukhudze. Anachotsa mabuku onse pamodzi ndi fayilo. Nambala yanga ali nayo, koma munthu wodziwa zonse safunsa.

Ndinawaimbira Lachiwiri lomwelo. Anayankha mwansangala ngati akudikira mendulo. Nditafunsa za mabuku anati, "Mlamu, sukulu munamaliza kale, mabuku a chiyaninso? Pepala silidyedwa iyayi. Ine ndaganizira mimba yanu."

Anapitiriza kuti ndisadandaule, mabukuwo ali bwinobwino kuseri kwa sitolo, pamwamba pa matumba. Kuseri kumeneko ndimakudziwa. Kuli makoswe amene mphaka amawaopa, ndipo pa sitolo imeneyo pepala lililonse limathera kukulungira mchere ndi soda. Zaka zanga zonse za ku koleji zikhoza kupita kwa munthu amene wadzagula mchere wothira m'ndiwo zamasana.

Munthu ameneyu ndakhala ndikumupirira kuyambira pa chinkhoswe cha Hellen. Palibe chimene sachidziwa: mankhwala a shuga, ndale, malamulo, tsopano za ndege, pamene ndegeyo amangoiona ikudutsa pamwamba pa Balaka. Malaya oyera, cholembera pa thumba, makiyi lendelende m'chiuno, m'mutu muli mphepo yokhayokha. Ndimamunyoza, achimwene, ndipo kwa inu sindibisa.

Koma mukudziwa chimene ndinayankha pa fonipo? Ndinati zikomo kwambiri alamu, mwandiganizira. Ndinathokoza kawiri. Mwana wanga Tikondane ndinamusiya m'nyumba mwawo, akugona momwemo, akudya zawo. Hellen ndi mng'ono wanga wamtima wabwino, koma m'nyumba muja salankhula. Ndikanalavula zimene zinali m'kamwa mwanga, mwanayo ndi amene akanazimvera pa mbale. Nditadula foni ndinalira, ndipo kulirako kunali kwa manyazi osati kwa mkwiyo wokha.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawerenga kalatayi, pitani ku sitoloko nokha. Musatume munthu, musayambe mwaimba foni, ndiponso musakakalipe, chifukwa cha Tikondane yemweyo. Mukangonena kuti mwadzatenga mabuku aja kuti akathandize ana a sukulu kwanu, akupatsani msangamsanga poti akuwatsekera malo. Fayilo ikapezeka, kwerani basi ya ku Blantyre mukaipereke ndi manja anu kwa akampani otumiza makalata mwachangu. Akuti imatenga masiku asanu. Ya ulendo ndatumiza kale pa foni yanu.

Mukakapeza kuti yadyedwa kapena yang'ambidwa, mundiuze momwe zilili, osati zija za kwathu zoti zonse zili bwino. Ndidziwe msanga. Makatoniwa ndimafuna kuwataya, koma ndawapinda n'kuwaika pansi pa bedi, mwina ndiwafunanso kutha kwa mwezi.

Mayi musawauze kanthu, angowonjezera matenda. Mukapita ku Mposa mukawapatse moni wanga, pamodzi ndi amalume a Hilary ndi azakhali. Moni kwa alamu anga kunyumba kwanuko ndi ana onse. Hellen mumuuze kuti ndimamukumbuka. Tikondane akafunsa kuti ndidzamutenga liti, mumuuze kuti amayi ake akudikira pepala limodzi lokha, koma musamuuze amene analichotsa.

Alamu a Goliati nawonso muwapatse moni. Muwauze kuti mpunga uja ndi wokoma.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Martina Kachingwe