Bukuli Sitiwotcha, Bambo

A Phang Kim Sen, okonza njinga a mumzinda wa Singkawang

Lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni, bambo, ndipo tikumva kuti kuvuta kuja simunasiye.

Azakhali a Siat Moi akuti munawabwerera kutulo, mukufuna buku lanu lija la zithunzi, la mtsikana amene anakaniza mfumu ya mvula ambulera yake yofiira. Akuti tikaliwotche pamanda limodzi ndi ndalama zamapepala ndi malaya amapepala, monga mwa mwambo wathu, kuti likupezeni komweko. Ndalamazo tiwotcha, malaya tiwotcha, ndi njinga yomwe yapepala takugulirani. Koma bukuli ayi. Takana, ndipo tikukanira m'nyuzipepala muno kuti abale onse amve.

Mwaiwala kodi? Zaka zija zilembo zathu za Chitchaina zili zoletsedwa ndi boma kuno, anzanu ankatentha mabuku awo kuseri kwa nyumba chifukwa cha mantha. Inu lanu munalikulunga m'nsanza n'kulikwirira m'mbiya ya mpunga. Mukaweruka, manja ali bii ndi girisi, munkatseka mazenera n'kumatiwerengera monong'ona. Koma mukafika pamene mfumu ya mvula ikugunda, mantha onse balala, munkabangula mpaka amayi kukutsekani pakamwa, inu misozi ili mbwee ndi kuseka. Zidindo za zala zanu zikadali patsamba lililonse. Ndiye buku lopulumuka moto nthawi imeneyo lidzapse ndi machesi athu? Zimenezo iwalani.

Amayi amakuliranibe. Maso anafooka, koma bukuli amalitsegula n'kumalinunkhiza, ati fungo lanu lili momwemo. Mdzukulu wanu Meilani, amene simunamuone, ali ndi zaka zisanu. Chikuto tamata katatu chifukwa cha iyeyu. Foni amaikankhira uko, sagona asanamve za ambulera. Dzulo anakana mankhwala a chifuwa, manja ali m'chiuno ngati mtsikana wa m'bukumo, tonse tinangoti abwera a Kim Sen. Paja munkati mwana wosadziwa kukana adzanyowa moyo wake wonse. Tinamva, bambo, ndiye musadabwe lero.

Ngati mukulifunadi, njira ya kwanu mukuidziwa. Timawerenga tikangodya chamadzulo, mazenera ali otsegula masiku ano, ndipo pampando wanu wansungwi uja sipakhala munthu. Bwerani mudzamvere, mubangule nawo ngati mukufuna. Koma bukuli litsala kuno.

Sitidzakuiwalani, bambo athu ouma mutu.

Ndife akazi anu a Nyuk Lan, ana anu Li Fung ndi Jun Liong, ndi mdzukulu wanu Meilani.