Sindinayang'ane Khosi la Adada

Chipatala cha pa Boma,
Mzimba.
18 Novembala, 2019.

Okondedwa bambo a Nelia,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene muli ndi ntchito yambiri ku Joniko. Ndayiyamba katatu n'kumang'amba. Ndapatsira a Bennet a galimoto ya katundu amene anyamuka lero, chifukwa mukaimba foni pamakhala anthu ndipo mawu amandithawa. Lachinayi lija ndinakuuzani kuti opaleshoni ya adada yayenda bwino. Sindinanene zonse.

Mukudziwa mmene bambo anu analili: manja a dzanzi, mabatani a malaya kuwakanika, kuyenda ngati aledzera pamene mowa anasiya kalekale. Munatuma ine kuti ndiwaperekeze chifukwa alamu a Doris ali ndi khanda. Dokotala wa ku Lilongwe, ku chipatala munatipezera chija, anati fupa la m'khosi likupana mtsempha waukulu wotsikira kumsana. Anawacheka m'mawa, pang'ono chabe, kutsogolo kwa khosi. Pofika masana anali atamwa tiyi, akuseka ndi anamwino kuti kolala imene awavekayo yawasandutsa abusa.

Dokotalayo anafotokoza bwinobwino, sindingamunamizire. Anati anthu ambiri amatuluka tsiku lomwelo popanda vuto, koma pokhapokha wodwala akagona pafupi ndi chipatala masiku awiri, ndiponso pakakhala munthu womasula kolala pafupipafupi, kuona ngati khosi likutupa, kumvetsera mawu ndi kapumidwe. Anati ngati sitingakwanitse, awagoneka komweko. Kenako anafunsa kumene tikagone.

"Pafupi chomene, adokotala," adada anayankha. "Kwa mwana wanga ku Area 25."

Bambo a Nelia, mukudziwa kuti ku Lilongwe tilibe aliyense. Mtima wawo unali pa ng'ombe ndi mvula yoyamba. Dokotala anatembenukira kwa ine kufunsa ngati n'zoona. Zaka zisanu chibwerere kwanu kuno, sindinayankhepo pamwamba pa mawu a apongozi, ngakhale kukhala nawo mphasa imodzi. Ndinayang'ana pansi, ndinavomera ndi mutu, ndinasayina pepala. Tinakwera basi mpaka pa Jenda, kenako matola mpaka kumudzi ku Champhira. Msewu wake mukuudziwa.

Lachisanu m'mawa ndinaika phala pakhomo pawo, ndinagwada patali monga mwa masiku onse. Anati adzuka bwino, koma mawu anali osasa. Ndinalimba mtima kupempha kuti ndione bala.

"Mkamwana kugwira khosi la apongozi? Anthu amva bwanji?" anatero, n'kutseka chitseko.

Ndinathamangira kwa ankhazi anu a Esme, mlongo wawo, koma mudzi wonse unali ku maliro kutsidya. Ndinabwerera. Ndinayamba kuchapa zovala zimene zinali zoyera kale, kuti ndikhale pafupi ndi khomo lawo. Maola atatu ndinachapa, ndikudziwa chimene ndinauzidwa kuchita.

Cha m'ma leveni ndinamva akupuma ngati mluzu. Ndinalowa osaodira. Phala linali lisanakhudzidwe, malovu akutsikira pa kolala chifukwa kumeza kunkawakanika. Ndinamasula kolalayo ndi manja angawa. Khosi linali litatupa mpaka kulingana ndi chibwano, lolimba ngati papaya wosapsa. Anafuna kundikankha koma analibe mphamvu.

Aphunzitsi a Jones ndi amene anatinyamula pa galimoto yawo mpaka kuno. Madokotala anamasula ulusi wa pabala, panatuluka magazi oundana ambiri, mpweya unabwerera. Koma miyendo yafooka kuposa kale, ndipo dzanja lamanzere siligwira supuni. Madokotala a kuno alankhulana ndi wa ku Lilongwe uja. Akuti tibwererenso ku Lilongwe akawajambule, mwina akatsegulenso, ndipo ulendo uno akagona komweko. Akuti tsiku lililonse limene tikuchedwa, mwayi woti adzayendenso ukuchepa.

Ankhazi akukana. Akuti mpeni wachiwiri ayi, chipatala chothamangitsa munthu tsiku la opaleshoni n'choyesera anthu. Ndi zimenenso anakuuzani Loweruka, inu n'kuvomera kuti tidikire. Ndinali pambali pawo pamene ankalankhula nanu, ndipo ndinakhalanso chete. Palibe anathamangitsa adada. Tinanama ndife, iwo ndi pakamwa, ine ndi cholembera.

Za kulowa kwanga m'nyumba ya apongozi zamvekanso. Azimayi obwera kudzazonda amandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Ankhazi sanandinene, angosiya kundipatsa beseni loti ndikatungire adada madzi.

Dzulo ankhazi atapita kumsika, anamwino anandiitana kuti tithandizane kutembenuza adada. Adada sanandikane. Anamwino atachoka anandinong'oneza, "Ungamuphaliranga yayi mwana wane," kuti ndisakuuzeni za bodza lija. Akuchita manyazi. Ndinati yewo, koma lero ndalemba. Ngati ndalakwa, ndalakwira kuti adzaimenso.

Nelia ndamusiya kwa aneba athu, amayi a Monica. Akuti tsiku ndi tsiku akumakaika kamtengo ka agogo koyendera pakhomo, kuti akabwera asakafunefune. Mvula yagwa kawiri, ife sitinabzale. Alamu a Doris akupereka moni, khanda lili bwino.

Za ine mudzaweruza mukabwera. Mukadzati ndibwerere kwathu ku Kasungu, sindidzatsutsa. Koma ankhazi samvera wina aliyense koma inu, mwana woyamba. Chonde mukangowerenga musadikire kuweruka ku ntchito. Aimbireni muwauze kuti adada akwere ambulansi, ndipo mundiyankhe msanga, ngakhale ndi mawu okalipa.

Ndine mkazi wanu,
Keziya