Palibe Wafika pa Ngalande

Lachinayi, ku Kabwata.

Lero mtima wanga sunakhazikike. Anthu atatu olemba za magemu pa intaneti ayamikira gemu yathu yapafoni, ya mayi wolumpha madenga a mashopu a ku Kamwala. Onse akuti mitundu ya zitenje yomwe ndinajambulamo ndi yokongola. Mwansa, mnzanga amene tinapanga naye gemuyi, anandiimbira akukuwa: "Shani iwe, uli bwanji! Waona? Batikonda!"

Ine sindikukhulupirira. Pa gawo lachitatu pali ngalande yomwe tinaikulitsa mopitirira muyeso, palibe angailumphe, ndipo tinaiwala kuikonza. Nanga bwanji palibe waitchula? Mmodzi mpaka walemba kuti mathero ake ndi okoma. Mathero ati, poti njira yofikirako kulibe? Ndikuganiza kuti anangoonera kavidiyo kathu kotsatsa, basi.

Nditamuuza Mwansa anangoti, "Siya, bakamba zabwino."

Masana mlamu wanga wa ku Chelstone, amene sayamikira kanthu, ananditumizira uthenga: "Gemu yanu ni yaboza. Nagwa mu ngalande ka twente, naifufuta mu foni."

Uthengawo ndauwerenga kanayi, ndikumwetulira. Wandinyoza, koma mwa onsewa ndi iye yekha amene waisewera.