Malonje a ba Chabwera

Lolemba, 5 Ogasiti

Ba Chabwera akananso kusamba. Ndi mdala wathu wa bedi la pawindo, kuno kunyumba ya okalamba ku Matero. Exildah, amene amawasambitsa, anabwera akuimba ngati woitana nkhuku: "Bebi wanga, tiye ku bafa iwe!" Bebi wa imvi anangoyang'ana khoma.

Ba Felistus, akulu athu pantchito, ati mdala mutu wasokonekera. Zikapitirira mpaka Lachisanu awasamutsira kuchipinda chokhoma, ndi mapilisi ogonetsa. Wolowa mmenemo sindinamumvepo akuseka.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndawafunsa ba Chabwera monga anatiphunzitsira ku koleji: chiimire, m'Chizungu, mano onse panja. Pali popweteka? Akuti "Fayini." Dipuloma yanga yathera pomwepo.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Nsapato zatsopanozi zinandiluma, ndiye ndinadzigwetsa pansi pafupi ndi bedi lawo. Mdala anatembenuka, n'kuomba m'manja pang'ono.

"Malonje, mama?"

Apa ndinakumbuka: makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo kumeneko mlendo amayamba wakhala, n'kufotokoza mmene wayendera, eni nyumba n'kunena zawo. Wopempha nkhani kwa ine ndiye walakwa yekha! Ndinawathira za minibasi ya ku Kanyama, tambala atapulumuka m'thumba la mayi wina n'kukatera pamutu pa kondakitala. Mwina ndinawonjezerako atambala awiri. Anaseka mpaka kutsokomola.

Atapukuta misozi anati, "Zathu kuno sizili bwino." Chilonda m'chiuno, chayamba mafinya.

"Bwanji osanena, ba tate?"

"Nonse mumandifunsa muli chiimire, ndimati mukudutsa. Nanga ndivule pamaso pa mwana wamkazi wonditchula iwe?"

Ndinathamangira kwa ba Felistus nsapato zili m'manja.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Chilonda chatsukidwa, mankhwala ayamba. Wowasambitsa tsopano ndi Whyson, mwamuna mnzawo. Mdala watuluka kubafa akunyezimira ngati akukafunsira mbeta.

Exildah wakwinya nkhope tsiku lonse, akuti sankadziwa, ankangowakonda. "Manje nenze kuziba bwanji? Nenze kubakonda chabe!" Ndamuuza kuti bebi wakeyo ali ndi zidzukulu zazikulu kuposa iye. Wandiponyera thawulo.

Ba Felistus alamula kuti tizikhala pansi pofunsa okalamba. Iwowo ayesa pa ba Luse a bedi lachiwiri, podzuka tachita kuwakoka awiri.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Chipinda chokhoma chikadali chopanda munthu.

M'mawa ndapeza Exildah atakhala pansi, miyendo atapinda bwinobwino.

"Ba Chabwera, mwauka bwanji?"

"Tauka. Malonje, mama?"

Exildah anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

"Nachoka kwathu ku George... nakwela basi... nafika."

Mdala anadikira.

"Basi? Tambala simunakumane naye?" Anamukankhira pilo kuti akhalire. "Yambiraninso, mama. Pochoka kunyumba munasiya ndani?"