Sipika si Nkhoswe

Chitakale, Mulanje
12 Ogasiti 2024

Wokondedwa mphwanga Lenard,

Mosheliwa kumeneko ku Mzuzu? Ndayamba ndi moni wa kwathu dala, ndione ngati Chitumbuka sichinakumeze. Ali bwanji a Marcia ndi ana? Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzereli limene limalosera mvula kuposa a pa wailesi. Mano atsala asanu ndi limodzi, koma onse ndi omvana.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pa foni ndikangoyamba za nyimbo umati netiweki yavuta, chonsecho ine ndikukumva bwinobwino ukupuma. Pepala silidula.

Pakona pa kalatayi ndamatapo kamemore ndi selotepi. Usakayese kachinyalala. Muli nyimbo makumi anayi, ndasankha ndekha.

Wolakwa ndiwe. Unanditumizira foni chaka chatha kuti ndizikuuza ndikadwala. Ndiye ndadwaladi, koma matenda a nyimbo. Pano pa Chitakale pali shopu yobena nyimbo, ndipo ndimafikapo asanatsegule. Ndinapezanso kasipika, ndinakamangirira pa handulo ya njinga ndi mphira. Masiku ano anthu amandimva ndisanaoneke.

Lenard, zaka makumi atatu ndikuthyola tiyi ndinkayesa nyimbo za padziko lapansi ndi tchopa, kwaya ndi zija za pa wailesi basi. Kani dziko lonse likuimba ife osadziwa!

Yamba ndi nambala 3. Ndi rumba ya ku Congo, gitala wake amayenda ngati madzi a Likhubula pa miyala. Ndinapalira nayo munda wonse wa nandolo osamva msana.

Nambala 11 ndi ya azungu a zipewa zikuluzikulu aja. Bambo wamkulu ndithu, mawu ngati ng'ombe, koma akudandaula mpaka kumvetsa chisoni. Sindidziwa chamuvuta, ndimangomupepesa.

Nambala 17 ndi ya ana amakono, akuti amapiano. Tsiku loyamba ndinayesa sipika yang'ambika. Imazunguza mutu ngati kalongonda wosapsa, koma ukaizolowera phewa limayamba lokha. Uyiike a Marcia ali pafupi, uone ngati akhale chete.

Nambala 22 ndi sikiri, anandipatsa Che Mackson atelala. Mulibe ng'oma, mulibe gitala, amuna akungokoka mpweya pamodzi, koma thupi lonse tsembwe. Nambala 30 ndi mayi wa ku Italy. Atayamba kukuwa nkhuku zanga zinathawira kudimba, inenso ndinayesa aberedwa. Umvere katatu usanaweruze. Kachitatuko ndinapukuta m'maso, ndinanamizira utsi.

Nambala 8 ndi kwaya ya Chizulu. Imeneyo ndaikira iwe mkulu wa mpingo, ungamanene kuti malume ako alowerera.

Kuno ndasanduka dokotala. Wokangana ndi mkazi ndimampatsa rege, kawiri pa tsiku. Wa kuthamanga kwa magazi, kwaya. Waulesi, manganje. Palibe amene wabwera kudzadandaula kuti mankhwala amupweteka.

Tsopano khala pansi, nkhani yeniyeni ndi iyi.

Tsiku lina la msika pa Chonde ndinaimika njinga n'kuika marabenta, ndikuuza anthu kuti ku Mozambique konse kulibe yoposa imeneyi. Ndinangomva mawu kumbuyo akuti mentira, ndiye kuti bodza. Kutembenuka, ndi mayi wogulitsa nanazi ndi kalongonda, dzina lawo a Esmeralda. Anabwera kuno nthawi ya nkhondo ija kuchokera ku Milanje, amuna awo anamwalira kalekale.

Anandiuza pa anthu kuti yangayo ndi ya ana a m'tauni. Anatinso akhala akundiona, ndimadumpha nyimbo isanathe ngati munthu wolawa thobwa la aliyense osamaliza kapu. Ndisanayankhe, anamasula pansonga pa chitenje, pamene anzawo amamangapo fodya wam'mphuno. Lenard, anatulutsa memore!

Anailowetsa okha m'sipika yanga, n'kugwira handulo kuti ndisathawe mpaka nyimbo ithe. Ndi nambala 35. Kodiyoni wakale ndi mawu a mayi mmodzi basi. Chakumapeto kwenikweni, kumene ine ndikanakhala nditadumpha kale, mawu aja amakwera mpaka kumwamba. Ndinavula chipewa.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la msika timasinthana nyimbo imodzi imodzi, msika wotsatira timaweruzana. Mayiwa alibe chisoni. Mzungu wanga wodandaula uja anati apatsidwe khasu, kulirako kutha. Amapiano anati ndi chigayo chikuphunzira kuvina. Koma wa ku Italy uja anamukonda, anati ameneyo anaikapo mwamuna m'manda. Iwo anandiphunzitsa taarabu ya kunyanja ya mchere, ndi ina yotchedwa kizomba imene anthu amavina atagwirana ngati onse awiri akuopa kugwa.

Apa ndiye ndiulule. Miyezi iwiri yathayi ndakhala ndikuwasankhira za chikondi zokhazokha. Ya Chikongo, ya Chimwenye, ya Chizungu, ya kuno komwe. Ndinkati amva okha. Iwo ankangobweza nyimbo ya chitsitsimutso, nkhope ili gwa.

Sabata yatha anandiyang'ana akusenda nanazi. Anati Akongo awafunsira amva, Amwenye awafunsira amva, azungu nawonso amva, koma pakamwa pa mwini njinga sanamvepo kanthu. Anafunsa ngati mano otsalawo andimangira lilime.

Iwe ukundidziwa, sindisowa chonena ngakhale pamaliro. Koma pamenepo ndinangothawa. Ndinakwera njinga mpaka kunyumba, chipewa ndinachiiwala pa benchi yawo. M'mawa mwake ndinapita kwawo kukatenga chipewa, sipika nditazimitsa, ndipo ndinanena ndekha ndi Chichewa chathu chomwechi. Sizinakome ngati rumba, koma anavomera!

Anavomera, Lenard! Malume ako a zaka 72 akukalowa chikamwini!

Koma pali phiri. Mchimwene wawo, a Dario, abwera kuchokera ku Milanje kudzawatenga. Akuti ana onse anakwatiwa kutali, mlongo wawo asakalambire yekha m'dziko la eni. Akungodikira a Esmeralda akolole nandolo, ndipo Loweruka pa 7 Seputembala awoloka pa Muloza.

Ndinapita kukawaona a Dariowo nditavala jekete. Ndi munthu wosaseka, ndinaponya nthabwala zitatu zonse zinagwa pansi. Anandifunsa kuti mwini wake wa ine ndani. Ndinati ndine wamkulu, ndimadzisunga ndekha. Iwo anati munthu wobwera yekha amachokanso yekha, nanga banja likadzavuta dandaulo adzakatula kwa yani, kwa sipikayo? Anati sipika si nkhoswe. Akufuna munthu wa kuchimuna adzakhale pamphasa lisanafike tsikulo, apo ayi mlongo wawo akupita naye.

Ndinabwerera ndikukankha njinga, ndikuwerenga abale. Amalume anga onse ali kumanda. Achimwene anga awiri, kumanda. Mayi ako, mlongo wanga, nawonso anatsogola. Msuweni wako Millie ndamuuza, waseka mpaka kukhala pansi, wavomera, koma mwana sakhala nkhoswe ya bambo ake omubereka. Watsala iwe wekha.

Ndikudziwa chimene chikubwera m'mutu mwako. Pa chinkhoswe chako nkhoswe ndinali ine. Ndinaimirira n'kuuza akuchikazi kuti unkanyowetsa mphasa mpaka Sitandade 4, ndipo ndinawalangiza agule pulasitiki. Anthu anaseka mpaka misozi. Iwe sunaseke, apongozi ako ali pomwepo. Zaka khumi ndi zisanu zapita, umanditumizira bulangete, mankhwala, foni, koma sunagonepo pakhomo panga. Ndinkaona, ndinkangodzipusitsa.

Ndinalakwa, mwana wa mlongo wanga. Ndinagula kuseka kwa anthu ndi ulemu wako pa tsiku lako. Pepa. Ndiponso ndinawonjezera, inali Sitandade 2 yokha.

Ndikuuze chimene sindinauzepo munthu. Chimwalirireni azakhali ako a Janeti, zaka zisanu tsopano, nyimbo ikatha ndimatembenuka kuti ndifunse ngati wina wamva pamene gitala anakhotera. Ndimapeza mpando wopanda munthu. Nyimbo ndili nazo zokwana mudzi wonse, koma wotsutsana naye ndapeza mmodzi yekha, ndipo akufuna kumuwolotsa malire.

Bwera, Lenard. Pempha tchuthi, ukwere basi, usadutse pa 6. Nkhuku yonyamula ilipo kale, ndikuidyetsa madeya ngati mwana wa bwana.

Ndipo ukadzakhala pamphasapo, mwayi ndi wako. Bweza. Uwauze a Dario kuti ndine wabodza, ndimaliza mkonono, ndinathamangitsidwa ku kwaya chifukwa choseketsa anthu a besi. Nena zonse, sinditsutsa, ndidzangowerama. Koma ukamaliza, akadzafunsanso kuti mwini wake wa nkhalambayi ndani, udzanene kuti ndine wako.

Mulungu akusunge pa ntchito ndi panjira. Undiperekere moni kwa a Marcia, uwauze kuti pepa uja ndi wawonso. Ana uwagwire chanza m'malo mwanga, ndi onse a kumpingo amene amandipempherera, uwauze asaleke panopa.

Ndine malume ako, amene lero akugwada kwa mphwake ndi bondo limodzi lomwe latsala,

Zefaniya Nakhumwa